MANKHWALA AMATHERA KUTI?

Boma la Phalombe lili m'munsi mwa mapiri awiri, la Mulanje ndi la Michesi, ndipo pakati pa mapiriwo pali mpata umene azungu anautcha Fort Lister. Kumpoto kwake kuli chigwa chachikulu chimene chimatsetsereka pang'onopang'ono kufikira ku nyanja ya Chilwa. Mvula ikagwa m'mapirimo, madzi ake amatsika ndi mtsinje wa Phalombe, wa Sombani ndi timitsinje tina tambirimbiri, nadutsa m'minda, m'midzi ndi m'misika, ndipo onsewo ulendo wawo umakathera m'nyanja imodzi yomweyo.

Nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe lake losiyana ndi la nyanja ya Malawi. Nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje wa Shire umene umatulutsa madzi ake kupita nawo ku Zambezi. Chilwa alibe mtsinje wotere. Iye amangolandira. Madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa, ndipo zimene madziwo ananyamula m'njira zimatsala m'matope. N'chifukwa chake madzi a m'nyanjayi ali ndi kamchere, ndipo n'chifukwa chakenso anthu a m'boma la Phalombe, Zomba ndi Machinga ayenera kusamala koposa anzawo ndi zimene amataya kumtunda. Nkhani ya lero ndi ya chinthu chimodzi mwa zotayidwazo, chinthu chimene palibe amachiwerengera ngati chinyalala pakuti ntchito yake ndi yopulumutsa moyo: mankhwala a kuchipatala.

Pa kalembera wa 2018, boma la Phalombe linapezeka ndi anthu oposa 429,000. Kwa zaka zambiri odwala kwambiri ankatumizidwa ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, kufikira m'chaka cha 2022 pamene chipatala chachikulu cha John Chilembwe chinatsegulidwa ku Migowi. Kuwonjezera pamenepo pali zipatala zing'onozing'ono monga cha pa Boma, cha Chitekesa, cha Nambazo ndi cha Mpasa. Tsiku lililonse, pa mazenera operekera mankhwala a zipatala zimenezi pamatuluka timapepala ta mapiritsi tosawerengeka: Panado, LA, Bactrim, amoxicillin, ma ARV, mankhwala a shuga, a khunyu ndi a kuthamanga kwa magazi. Zimenezi n'zokondweretsa, pakuti akuluakulu amakumbukira nthawi imene munthu ankanyamulidwa pa machira mtunda wautali kukafuna jekeseni imodzi. Koma funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: mapiritsi onsewa akachoka pazenera paja, amakathera kuti?

Ambiri amaganiza kuti piritsi likamezedwa ndiye kuti nkhani yake yatha. Sizili choncho ayi. Thupi limatenga mankhwalawo, magazi nawayendetsa, chiwindi chimaphwanya gawo lina, impso zimasefa, ndipo zotsala zimatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi. Ena amatuluka ataphwanyikaphwanyika, opandanso mphamvu. Koma alipo ena amene amatuluka ali amoyo ndithu. Metformin, amene amamwa anthu odwala matenda a shuga, amatuluka mumkodzo pafupifupi monga momwe analowera. Amoxicillin, kapisozi wodziwika pa khomo lililonse, woposa theka amatulukanso osasinthika pakangopita maola ochepa. Motero wodwala ndi malo ongodutsapo mankhwala. Kumene amakagona ndi kuchimbudzi.

Ku Phalombe, monganso m'maboma ambiri a dziko lino, chimbudzi cha anthu ochuluka ndi chokumba. Chimbudzi chotere chikakumbidwa bwino si choipa. Dothi limasefa, ndipo tizilombo ta m'nthaka timaphwanya mankhwala ambiri asanapite patali. Alangizi a zaumoyo akamanena kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30, ndiponso kuti chikhale kumunsi kwa chitsimecho, cholinga chawo choyamba ndi kupewa kolera ndi matenda otsegula m'mimba. Koma lamulo lomwelo limatchinjirizanso madzi akumwa ku zotsalira za mankhwala. Vuto limadza m'chigwa nthawi ya dzinja, pamene madzi a pansi pa nthaka amakwera kufikira pokumana ndi dzenje la chimbudzi, ndipo limakula koposa madzi akasefukira. Pamenepo zimene zinali m'dzenje zimatuluka, n'kutsata njira imene madzi amatsata chaka ndi chaka. Akale ananena kuti madzi saiwala khwawa.

Asayansi anayesa kale kuona kukula kwa vutoli pa dziko lonse. M'chaka cha 2022, gulu lotsogoleredwa ndi yunivesite ya York ku England linafalitsa zimene linapeza litatunga madzi m'mitsinje 258 ya m'mayiko 104. Mankhwala amene anapezeka malo ochuluka anali carbamazepine, amene ndi a khunyu, ndi metformin uja. Pa malo anayi alionse amene anatungapo, amodzi anali ndi mankhwala ochuluka pa mlingo wodetsa nkhawa. Mitsinje yoipitsitsa sinali ya ku Ulaya kumene anthu amamwa mankhwala ambiri, koma ya m'mizinda monga Lahore, La Paz ndi Addis Ababa, kumene mankhwala afika kale m'manja mwa anthu koma njira zosamalira zonyansa zikadali m'mbuyo. Muno m'Malawi, ofufuza apezanso mankhwala a mtundu wa Bactrim m'madzi a mitsinje yodutsa mumzinda wa Blantyre.

Womvera wina angafunse kuti, kodi kadontho ka mankhwala kosungunuka mumtsinje wathunthu kangamuchite chiyani munthu? Funsoli ndi lanzeru. Zoona zake n'zakuti munthu sangaledzere kapena kufa chifukwa chomwa madzi oterowo. Mlingo wake ndi wochepetsetsa. Choopsa chili pa tizilombo toyambitsa matenda, timene akuchipatala amati mabakiteriya. Mankhwala akakhala pa mlingo wokwanira amapha mabakiteriya onse. Akakhala ochepa, amapha ofooka okha, ndipo olimba amatsala, naswana, nagawirananso kulimba kwawoko ndi mabakiteriya a mitundu ina. Chithaphwi chimene mwasakanikirana chimbudzi cha anthu, ndowe za ziweto ndi timadontho ta mankhwala chimasanduka bwalo limene tizilombo timazolowererapo mdani wawo. Mwana akasewera m'madzi amenewo, kapena mayi akatsukira ndiwo zamasamba mmenemo, tizilombo tozolowera tija timabwerera m'thupi la munthu. Tsiku limene adzadwale, jekeseni imene inachiritsa mkulu wake sidzagwiranso ntchito.

Zimenezi si zamtsogolo. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome, anasunga zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Pa tizilombo 100 tilitonse ta mtundu wa Klebsiella timene tinapezeka m'magazi, tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 m'chaka cha 2003. Pofika 2016 tinali 90. Ceftriaxone ndiye jekeseni imene zipatala za m'maboma zimadalira munthu akafika ali kayakaya. Zifukwa za kusinthaku n'zambiri, ndipo chachikulu ndi kagwiritsidwe ntchito ka mankhwalawo pa anthu. Koma madzi ndi dothi ndiwo msewu umene tizilombo tosamvato timayendamo kuchoka pa khomo lina kupita pa lina. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anavutika koposa.

Amalawi akudziwa kale kuwawa kwa kutaya mankhwala abwino. Chloroquine anali mfumu ya mankhwala a malungo, wotsika mtengo ndi wopezeka pa golosale iliyonse. Atasiya kugwira ntchito, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya, m'chaka cha 1993, natenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Chochititsa chidwi n'chakuti ofufuza atamuyesanso chloroquine ku Blantyre patapita zaka zoposa khumi asakugwiritsidwa ntchito, anapeza kuti wayambanso kuchiritsa pafupifupi odwala onse. Tizilombo ta malungo si mabakiteriya, ndipo si mankhwala onse amene amabwerera chotero. Komabe nkhaniyi ikusonyeza kuti mphamvu ya mankhwala imatha kapena kusungika molingana ndi mmene anthu akuwagwiritsira ntchito.

Apa mpofunika kunena mawu amodzi momveka bwino, kuti pasakhale wina wotenga nkhani ino cham'mbali. Munthu amene akumwa ma ARV, Bactrim wa tsiku ndi tsiku, mankhwala a chifuwa chachikulu, a khunyu kapena a shuga, apitirize kumwa monga momwe anamuuzira adokotala, osadumphitsa tsiku. Mankhwala omwedwa ndi munthu amene akuwafunadi sali pamlandu. Amene ali pamlandu ndi aja omwedwa popanda chifukwa, aja otayidwa osamwedwa, ndi aja opatsidwa kwa nkhuku.

Omwedwa popanda chifukwa ndiwo ambiri. Chimfine chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa mavairasi, timene amoxicillin ndi Bactrim sangatikhudze n'komwe. Chimatha chokha munthu akapuma ndi kumwa madzi ambiri. Mwana wotsegula m'mimba nthawi zambiri amafuna Thanzi ORS ndi zinc, osati Flagyl. Koma pali chizolowezi chakuti wodwala akabwerera kuchipatala wopanda makapisozi amadandaula kuti sanathandizidwe, ndipo dokotala amene ali ndi mzere wa anthu ofika mpaka panja nthawi zina amalemba mankhwala pongofuna kuti mzerewo uyende. Kuyambira 2011, zipatala zimayeza kaye magazi a pachala zisanapereke LA, ndipo njira imeneyi yapulumutsa mapiritsi ambiri amene akanamwedwa ndi anthu opanda malungo. Tsoka lake n'lakuti malungo akapanda kupezeka, m'malo mwa LA mumalowa kapisozi, ngati kuti n'kulakwa kuti munthu achoke chimanjamanja. Dokotala wolimba mtima kunena kuti "agogo, chimfinechi chitha chokha, koma mukaona kuti kupuma kwayamba kuvuta mubwerenso msanga" wachita ntchito yaikulu kuposa wolemba mankhwala a mitundu inayi, ngakhale kuti agogowo sangamuyamikire tsiku lomwelo.

Pa tsiku la msika, m'misika yambiri ya m'dziko muno, mumapezeka anthu ogulitsa mapiritsi atawayala padzuwa. Lamulo la dziko lino limaletsa zimenezi, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsata lamulo la 2019, ndilo loyang'anira. Wogula amatenga makapisozi awiri kapena atatu molingana ndi ndalama zake, mlingo wosakwanira kuchiritsa koma wokwanira bwino kuzoloweza tizilombo. Ena amagulira nkhuku. Chitopa chikabuka, amasungunula makapisozi m'madzi akumwa a nkhukuzo, pamene chitopa ndi vairasi ndipo chitetezo chake ndi katemera. Nkhuku zimafabe, ndipo zitosi zodzaza mankhwala zimapita kudimba monga manyowa.

Kupereka mankhwala a anthu kwa ziweto kunaonetsa kale zoopsa ku India. M'zaka za m'ma 1990, alimi kumeneko anayamba kubaya ng'ombe zawo diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu amene amapezekanso m'zipatala za muno. Ng'ombe ikafa, miimba inkadya nyama yake, ndipo impso za miimbayo zinkawonongeka. M'zaka zosakwana makumi awiri, mitundu ina ya miimba inachepa ndi 95 pa 100 iliyonse, ina kuposa pamenepo. Mitembo ya ziweto inayamba kuwolera poyera, agalu osokonekera anachuluka, ndipo nkhawa ya chiwewe inakula. Chifukwa chake chinadziwika mu 2004, ndipo mu 2006 boma la India linaletsa kubaya ziweto mankhwalawa. Palibe mlimi ngakhale mmodzi amene ankafuna kupha mwimba. Aliyense ankangofuna kuti ng'ombe yake ipeze bwino.

Nanga aja otsala m'nyumba? M'makomo ambiri muli kachitini kapena kajumbo kotsomeka kudenga, kosungiramo mapiritsi otsala: ena opanda dzina, ena osintha mtundu, ena a munthu amene anamwalira kalekale. Kudzudzula mayi wosunga kajumbo kotere n'kosavuta, koma n'kupanda chilungamo. Iye akudziwa kuti mwezi wamawa angayende mtunda wautali n'kukauzidwa kuti mankhwala kulibe, akagule. Malinga ngati mankhwala azisowa m'zipatala, anthu adzapitiriza kusunga, ndipo mlandu umenewo si wa mayi yekha. Komabe zina zili m'manja mwake. Mankhwala opha mabakiteriya ndi LA sayenera kutsala pokhapokha dokotala atalamula kuti alekezedwe. Otsala pa zifukwa zina, monga pamene wodwala wasinthiridwa mankhwala kapena wamwalira, malo ake si kudzala kumene ana ndi nkhuku amafukula, si m'chimbudzi, si mumtsinje, ndiponso si pamoto wophikira. Abwezedwe kuchipatala, kapena apatsidwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ali m'mapepala awo kuti adziwike. Zipatala nazo ziyenera kulandira mankhwala obwezedwawo ndi nkhope yabwino, pakuti munthu wokalipiridwa pazenera kamodzi sabweranso kachiwiri.

Chipatala chimene chalandira mankhwala otha ntchito chili ndi ntchito yovuta. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa zinyalala 100 zilizonse za m'chipatala, pafupifupi 85 ndi wamba, monga mapepala ndi zotsala za chakudya, ndipo 15 zokha ndizo zoopsa. Zikasakanizidwa m'chidebe chimodzi, zonse 100 zimasanduka zoopsa, ndipo ng'anjo imalemedwa pachabe. Choncho ntchito imayambira pa wosesa ndi namwino amene amaika singano m'bokosi lake, thonje lamagazi m'chidebe chake, ndi makoko a nthochi kwina.

Moto nawo uli pawiri. Ng'anjo ya njerwa ya kuseri kwa chipatala chaching'ono, kapena dzenje loyatsamo moto, sizifika pa kutentha kumene kumafunika. Mapaipi ndi matumba ena a diripi amapangidwa ndi pulasitiki ya PVC, imene ikapsa pa moto wochepa imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Poizoni ameneyu amatera pa udzu ndi pa dothi, nalowa m'mazira ndi mumkaka, ndipo amakhala m'thupi zaka zambiri. Ng'anjo zamakono zimatentha kuyambira madigiri 850 kupita m'tsogolo, ndipo pa mankhwala enieni malangizo a WHO a 1999 amatchula madigiri oposa 1,200. Kumene ng'anjo yotere kulibe, malangizo omwewo amapereka njira ina yosafuna magetsi: kuthira mankhwalawo mumgolo wachitsulo osadzaza, kutsekera pamwamba pake ndi simenti yosakaniza ndi laimu, kumata chivindikiro, ndi kukwirira mgolowo pa malo osafikako madzi.

Koma kuwotcha ndi kukwirira ndi mathero a zolakwika zimene zinachitika kale m'mbuyo. Mu May 2021, Malawi anawotcha poyera katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Katemerayo anafika m'dziko muno atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe ntchito. Kumuwotcha pamaso pa anthu kunali koyenera, kuti pasakhale wokayika kuti akubayidwa zakutha. Koma phunziro lake lili kwa opereka mphatso ndi kwa oitanitsa. Wosunga mankhwala amene amalemba khadi lake mokhulupirika, natulutsa poyamba amene ali pafupi kutha, nauza msanga ofesi ya zaumoyo ya boma kuti zimene zamuchulukira zitumizidwe ku chipatala china chimene zikusowa, ameneyo amateteza mtsinje ngakhale sanaufikepo.

Malo omangapo chipinda cha mankhwala, ng'anjo ndi maenje a zinyalala ndi nkhani imene anthu a ku Phalombe anaiphunzira ndi misozi. Mu March 1991, Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, napha anthu mazanamazana. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi m'maboma a kumwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo chipatala cha Nkhulambe chinawonongekeratu. Pa tsiku lotero palibe angaganize za mabotolo a mankhwala, ndipo n'zomveka. Nthawi yoganizira zimenezo ndi pomanga: mashelefu akhale okwera, nkhokwe ikhale pamtunda, ndipo dzenje la phulusa la ng'anjo lisakumbidwe m'njira imene madzi anadutsamo kale.

Palinso mankhwala amene amafika ku Chilwa atanyamulidwa pamutu. Masikito a udzudzu amene boma limagawa kwaulere amakhala onyikidwa m'mankhwala opha udzudzu, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni kwa nsomba ndi tizamoyo tina ta m'madzi. Maso a masikitowo ndi aang'ono kotero kuti amakokolola matemba, ana a makumba, ana a mlamba ndi mazira omwe. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Nthawi zonsezo nsomba zinabwerera chifukwa chakuti mbewu yake inabisala m'madambo ndi m'mathiriro a mitsinje monga wa Phalombe. M'malo obisalamo amenewa ndimo masikito amaponyedwa kawirikawiri. Malamulo a zausodzi amaletsa, ndipo makomiti a m'madoko amalanda, koma njala ikavuta msodzi amaona ukonde waulere pamene namwino amaona chitetezo cha mwana. Masikito akang'ambika osasokekanso, asawotchedwe pabwalo. Akwiriridwe kutali ndi chitsime ndi mtsinje.

Njira yochepetsera mankhwala m'madzi imene siidandaulitsa aliyense ndiyo kuchepetsa odwala. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2011, wa rotavirus mu 2012, ndipo wa typhoid mu 2023. Pamene Malawi anayamba kupereka katemera wa malungo mu April 2019, Phalombe linali limodzi mwa maboma 11 oyambirira. Mwana wolandira katemera wake yense pa nthawi yake, wogona m'masikito ndi womwa madzi othira klorini amafika zaka zisanu atamwa mabotolo ochepa a amoxicillin kuposa mnzake, ndipo amayi ake amakhala ndi zochepa zotsomeka kudenga.